Kalata kwa Nduna Yoona za Maphunziro: Masewera Asamathere pa Tsiku Lolandira Digiri

Olemekezeka a Nduna,

Ndine namwino kuno ku Mangochi, komwe ophunzira a Kamuzu University of Health Sciences amabwera kudzaphunzira ntchito, komanso komwe kuli DMI St John the Baptist University. Tsiku lililonse ndimayeza anthu BP ndi shuga. Ena mwa iwo ndi achinyamata omwe ankagwedeza bwalo ali pa yunivesite, koma atangolandira digiri nsapato za mpira anaziponya kunsi kwa bedi.

Sindiwadzudzula ayi. Palibe anawauza chifukwa chenicheni chothamangira. Ankathamangira chikho basi. Mipikisano ya TESSAM, bungwe loyendetsa masewera a m'mayunivesite ndi m'makoleji, ndi yabwino, komatu mpira wa miyendo umalowa anthu 11, wa manja 7, ena onse n'kumangoimba nyimbo kunja kwa bwalo. Chikho chikatha, chidwi nacho chimatha.

Kafukufuku wa mu 2009 wa Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa n'komwe. WHO imalangiza kuti wamkulu azichita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Kumeneko ndi kuyenda ndawala mphindi 30 kwa masiku asanu, kosafuna jezi kapena kochi. Wophunzira zamalamulo kapena zaulimi anamvapo zimenezi m'kalasi?

Pempho langa ndi ili, bwana. Wophunzira aliyense wa chaka choyamba ayezedwe BP ndi sikelo, aphunzitsidwe zomwe kungokhala kumachita ku mtima, kenaka asankhe masewera omwe angapitirize ngakhale atakwatira. Madzulo amodzi pa sabata pasamakhale makalasi.

Malangizowo agwirizanenso ndi dera. Kuno dzuwa la Okutobala silichita masewera. Wothamanga masana akhoza kukomoka, ndiye awuzeni za mbandakucha ndi kumwa madzi okwanira. Nyanja ili pakhomo, koma osambira adziwe za likodzo, ndipo mu Shire muli ng'ona. Atsikana athu ambiri ndi Asilamu, ndipo ena sangavale kasiketi ka netibo pamaso pa anyamata. Apatseni nthawi yawoyawo pabwalo ndi ufulu wovala zowayenera, mudzaona momwe adzadzazire bwalolo.

Mukadzabwera ku Mangochi, dzukani m'mawa muyende nafe kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi. Makina oyezera BP ndidzanyamula ndine.

Ine wanu,
Namwino wa ku Mangochi