Za bongololo wamwala unatitumizira uja

Linthipe, Dedza
Mwezi wa Juni

Mwana wanga,

Kuno tadzuka bwino, kaya iwe kumeneko. Chisanu chabwera ndi ukali chaka chino. M'mawa phiri la Chongoni limakhala litafunda chifunga mpaka dzuwa kukwera, ndipo amayi ako sakuchoka pamoto nthawi isanakwane 9 koloko. Chimanga tinakolola, tatsala ndi mbatatesi yakudimba. Ndalama zija zinafika, khitchini tafolera.

Phukusi lako mnzako uja anabwera nalo Loweruka lapitali. Majuzi atikwana tonse. Koma chimene chinadzaza anthu pakhonde si majuzi ayi, ndi kamwala kaja unakulunga m'sokosi. Amayi ako atakatulutsa anakaponya pamphasa, amvekere, "Bongololo!" Azakhali ako anakayang'anitsitsa osakakhudza, kenako anandikokera kuseri n'kundifunsa ngati mwanayu kunjako sanalowe zina zake. Akuti munthu wabwinobwino, namwino wapantchito, sangathere tsiku lake lopuma ali chiweramire m'mbali mwa nyanja kufunafuna miyala yodzipiringiza. Msuweni wako ndiye anafunsa zimene ndinkayembekezera: kameneka n'ndalama zingati? Iyeyu m'mutu mwake muli Chimwadzulu basi, kuja ku Ntcheu kumene amakumba miyala yamtengo wapatali. Kwa iye mwala woweramitsa munthu wamkulu ndiye kuti uli ndi wogula.

Ndinawakhazika pansi onse, paja uphunzitsi sutha ndi penshoni. Ndinawauza kuti ameneyu si bongololo, si njoka, ndipo si nkhono ngakhale akufanana nayo. Dzina lake ndi amonaiti. Chinali chamoyo cha m'nyanja yamchere, chachibale ndi zinyama zija za mikono yambiri zimene azungu amati octopus. Chigoba chake chinali ndi zipinda zotsatizana, ndipo mwini wake ankakhala m'chipinda chakukhomo chokha. Akakula ankawonjezera china chokulirapo, cham'mbuyocho n'kuchitseka ndi kakhoma. M'zipinda zotsekazo munkadutsa kachubu kochotsa madzi, mpweya n'kulowa m'malo mwake, kuti chigobacho chiziyandama osamira. Amalume ako anati ndiye kuti chinali ngati ineyo, amene ndakhala ndikulumikiza zipinda panyumba ino chikwatirireni. Anthu anaseka, ndipo mpamene ana anayamba kukapatsirana kamwalako.

Azakhali ako ndinawatonthoza ndi nkhani ya ku Whitby, kumpoto kwa England, dziko ukukhalalo. Kumeneko azungu enieniwo anakhala zaka zambiri akukhulupirira kuti miyala imeneyi ndi njoka zimene mayi wina woyera mtima, Hilda, anazisandutsa miyala, mpaka ena ankaisema timitu tanjoka kuti igulike. Choncho amene anaona bongololo sanapuse yekha. Dzinalo linachokera kwa Ammon, mulungu wa Aigupto akale amene ankamujambula ndi nyanga zopota za nkhosa yamphongo. Nditafika ponena kuti zamoyozi zinatha zaka 66 miliyoni zapitazo, nthawi imodzi ndi madayinaso, ndiponso kuti miyala ya ku Lyme Regis, kugombe ukumatolako miyalako, ili ndi zaka pafupifupi 200 miliyoni, amayi ako anangoti "mhm" n'kulowa m'nyumba kukatereka madzi. Usakangane nawo pafoni za zimenezi. Ine ndakhala nawo zaka zonsezi, buku la sayansi ndi Baibulo zili pashelefu imodzi, ndipo nsima sinaphwepo chifukwa cha zimenezo. Iwo funso lawo lenileni n'lakuti Lamulungu umapezeka kuti. Liyankhe wekha.

Ine sindikukuletsa. Munthu amene wachezera usiku wonse kutembenuza odwala ayenera kukhala ndi kwina kopumitsira mutu, ndipo ndaona kumene ena amakapumitsira. Iwe unali wotero kuyambira uli wamng'ono: anzako akuthamangira kusukulu, iwe uli chinjonjomale pamseu kuonerera nyerere. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekhako uli nako kuposa ine.

Chimene chandigoneka mochedwa ndi chithunzi chija unatumiza pa WhatsApp. Ndinachikulitsa ndi zala. Iwe ukumwetulira, kamwala m'manja, koma kumbuyo kwako, pafupi zedi, kuli chigomo chakuda chachitali kuposa mitengo ya paini ya ku Dedza. Mwana wanga, chigomo chimenecho si thanthwe ngati la Chongoni. Miyala yathu kuno inachokera kumoto wa pansi pa dziko, n'chifukwa chake sungapezemo chigoba chilichonse, n'chifukwa chakenso imakhala pamene agogo ako anaisiya. Ya kumeneko ndi matope a pansi pa nyanja amene anauma mosanjikizana. Ikamwa mvula imafewa n'kutsetsereka, osachenjeza munthu. Amonaiti amene ukutolawo amafika pagombe chifukwa chakuti gomolo likugumuka. Chokupatsa chimenecho ndi chomwechonso chingakukwirire. Tinaona tonse mu 2023, nthawi ya namondwe Freddy, mmene matope a phiri la Soche anatsikira pa anthu ku Chilobwe. Iwe unalira pafoni tsiku lija.

Unandilembera za Mary Anning, wotola miyala yotereyi wa ku Lyme Regis, ngati munthu wako wapamtima, ndipo ndikumvetsa. Mwana wa mmisiri wamatabwa wosauka, wosapita patali ndi sukulu, amene ali ndi zaka pafupifupi 12 anafukula pamodzi ndi mlongo wake mafupa a chinyama chakalekale cham'nyanja chimene akuluakulu ophunzira a ku London sankachidziwa bwino, koma bungwe lawo la za miyala silinkalola akazi. Uwerengenso mbali inayi. Mu 1833 gomo la kumeneko linagumuka iye ali pantchito, n'kupha galu wake amene ankayenda naye, iye n'kupulumukira mkamwa mwa mbuzi. Ameneyo anabadwira pomwepo, ankalidziwa gombelo monga mmene ine ndimadziwira njira yakudimba. Nanga iwe wa ku Linthipe? Uziyenda kufupi ndi madzi, kumene mafunde atsuka kale miyala. Mtsinde mwa gomo usakhalemo, ngakhale kubisala mphepo kapena kumwera tiyi wa m'fulasiki.

Ndiye pali madziwo. Nyanja imene iwe unakula ukuidziwa ndi yathu ija tinkapita ku Salima, imene ukasiya nsapato pamchenga m'mawa umazipeza pomwepo madzulo, pokhapokha kutawomba mwera. Yamchereyo imaphwera n'kubweranso kawiri pa tsiku, ndipo nthawi yake imasuntha tsiku ndi tsiku. Pamene wadutsa pouma m'mawa, masana pamakhala poti sungaponde pansi. Madzi saiwala khwawa. Choopsa n'chakuti wotola miyala maso ake amakhala pansi: apa kamodzi, apo kena kokulirapo, patsogolo pakuoneka kena konyezimira. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ukamadzutsa mutu upeza kumbuyo madzi atseka, kumbali kuli gomo losakwereka. Uziyang'ana ndandanda ya nthawi ya madzi usanatuluke m'nyumba, uzinyamuka madzi akuphwera, ndipo uzitembenuka iwo asanatembenuke, ngakhale thumba likhale lopanda kanthu. Usamapite wekha. Ngati mnzako walephera, uuze wina kumene wapita ndi nthawi yobwerera, foni ikhale ndi moto. Zikavuta imba 999 n'kupempha opulumutsa anthu panyanja, osachita manyazi achimalawi oti ndivutitsa anthu.

Za hamala ija unagula: uzivala magalasi oteteza maso. Maso ndi zala ndiye khasu lako.

Tsopano ndikuuze chimene chandilembetsa kalata m'malo mongoimba foni. Kamwala unatitumizira n'kokongola, koma kabwera kopanda kalikonse kolembedwa. Sindikudziwa ngati unakatola ku Lyme Regis kapena ku Charmouth koyandikana nako, tsiku liti, pansi pa gomo liti. Ndipo zimenezi zandikumbutsa manyazi anga.

Ndili mphunzitsi wachinyamata, iwe usanabadwe, mwana wina wa Sitandade 6 anandibweretsera mwala wobulungira ngati dzungu laling'ono, wobooka pakati bwinobwino. Anati bambo ake anautukula ndi khasu polima. Ndinamuthokoza, mwalawo n'kuuika patebulo kuti uzitsindira mapepala mphepo ikawomba. Sindinafunse kuti munda wake uti, unali pansi bwanji, kapena ngati panali mapale pambali pake. Anandisamutsa kawiri, mwala uli m'katundu. Patapita zaka kunabwera mkulu wina woona za zinthu zakale, akuyendera mapanga a zojambula. Ndinamuonetsa monyadira. Maso ake anawala, nandiuza kuti miyala yotere anthu akale ankailowetsa pandodo yokumbira kuti ilemere. Kenako anatulutsa kabuku ndi cholembera. "Munaupeza pati, aphunzitsi?" Ndinatchula sukulu. "Munda wake?" Ndinangoti kukamwa yasa. Mwana uja dzina lake ndinali nditaiwala. Mkuluyo anatseka kabuku kake mwaulemu, n'kubwezera mwalawo pamapepala pamene anaupeza. Sanandidzudzule, koma tsiku limenelo ndinadziwa kuti chinthu chimene chinakhala m'nthaka mibadwomibadwo chikusunga mbiri ya malo ake, ine ndinachisandutsa chotsindira mapepala.

Ndiye gula kabuku kachikuto cholimba. Mwala uliwonse ukhale ndi nambala yake, ndipo m'kabukumo ulembe tsiku, malo enieni, ndi ngati unali wokha pamchenga kapena m'kati mwa mwala wina. Lemba tsiku lomwelo, usanavule nsapato. Lero ukuona ngati sungaiwale chifukwa ilipo khumi. Ikadzafika 100 idzafanana yonse ngati mbuzi za eni.

Malamulo a eni dziko uwatsate, paja ndiwe mlendo. Zimene zagwa kale pagombe amalola kutola, koma kukumba m'gomo ayi. Amonaiti akuluakulu aja ali pathanthwe la ku Monmouth Beach, gombe la ku Lyme Regis komweko, ndi oti aliyense aone, uwasiye pomwepo. Ukapeza chachilendo kachionetse ku malo aja a ku Charmouth kumene amalemba zopezeka zofunika. Kutero sikukuchotsera kanthu. Ine ndaona ndi maso anga zimene manja osadziletsa amachita. Mapanga athu a Chongoni, malo 127 a zojambula amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wake wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, ena mwa iwo anyamata analembamo maina awo ndi makala pamwamba pa zojambula za Akafula. Aliyense ankaona ngati dzina limodzi lokha silingawononge kanthu. Ndipo udziwe kuti kuno kwathu zinthu zakale zotere zili ndi lamulo lozitchinjiriza, sungangozinyamula m'chikwama kupita nazo kunja.

Za ndalama ndinene mwachidule. Tija tonyezimira ngati golide si golide, ndi payiraiti, ndipo tikakhala ponyowa timatha kufumbwa n'kusanduka fumbi, choncho uzitisunga pouma. Msuweni wako usamutumizire, angakagulitse mbuzi kuti akutsatire. Zopukutidwa bwino za m'masitolo zija, zambiri zochokera ku Madagascar, usatayirepo ndalama. Tsiku limene udzayambe kuyang'ana mwala n'kumawerengera mapaundi, udzakhala wapeza ntchito yachiwiri, pamene iwe umafuna popumira.

Ndili ndi pempho. Ndaphunzitsa ana zaka zonsezi kuti ku Karonga kuli mafupa a dayinaso wathuwathu, Malawisaurus, koma ine mwini sindinamuonepo. Mafupa ake oyamba anapezeka m'zaka za m'ma 1920, dzina lakelo analipatsidwa mu 1993, ndipo nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Karonga inatsegulidwa mu 2004, ine ndili pompano kunena kuti ndidzapita chaka chamawa. Mmodzi mwa amene anagwira ntchito pa mafupa a kumeneko ndi mayi wachimalawi, Dr Elizabeth Gomani, amene mu 2005 anatcha dzina dayinaso wina, Karongasaurus. Kufupi komweko, ku Uraha, mu 1991 kunapezeka nsagwada ya munthu wakalekale ya zaka zoposa 2 miliyoni. Amonaiti kumeneko usakawayembekezere, poti miyala yake ndi ya m'mitsinje ndi m'nyanja zopanda mchere. Koma ukadzabwera kutchuthi, upatule masiku anayi. Tidzakwere basi ya ku Mzuzu, titsike Chiweta, ukandionetse ndi maso ako ophunzira kuwerama aja zimene ine ndinkangojambula pabolodi. Mawondo anga adakali ndi ulendo umodzi.

Amayi ako akupereka moni, akuti uzivala zofunda. Bongololo uja amuika pamwamba pa kabati, pafupi ndi chithunzi cha ukwati wathu, ndipo dzulo ndinawapeza akumupukuta ndi nsonga ya chitenje. Azakhali ako akabwera akumakhalabe mpando wakukhomo.

Unditumizire tsiku ndi malo amene unamutola. Kapepala ndadula kale, kali pansi pake.

Ndine bambo ako.