Aise Mada, ndithandize maganizo pa ampu iyi

Aise Mada,

Uthenga wako ndaulandira pamodzi ndi chithunzi chija. Wanenepatu iwe, usakane, Joni yakuyanja. Kuno tilipo. Mayi akupezako bwino, ayambanso kupita kudimba. Chinkhoswe cha Tadala chinayenda bwino, ndidzakuuza tsiku lina. Lero ndili ndi nkhani imene yandisowetsa tulo, ndipo woimvetsa ndiwe wekha.

Ku Ndirande kuli mkulu wina akugulitsa ampu, chokuzira mawu a gitala, Peavey Bandit 112, mtundu womwe uja tinkausirira. Sipika imodzi ya mainchesi 12, mawati 80. Akuti ndimupatse K150,000. Chitsikireni mphamvu kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wa oimba sakugwirika, moti yatsopano sindingayerekeze n'komwe kufunsa mtengo.

Koma ndi yodwala. Ndinapita ndi gitala langa kukaiyesa. Ukangoyatsa, usanakhudze n'chingwe chomwe, imayamba kung'ung'udza pansipansi ngati njuchi zili m'phanga la mtengo. Ukapotoza voliyumu imalira khwee khwee. Polowetsa jaki ya chingwe cha gitala pakugwedera, mpaka mkuluyo anachita kupanikiza ndi kamtengo ka machesi kuti mawu atuluke. Koma atatuluka, aise, ndinamva tsemwe! Mawu oyera, akuthwa, oti ukamenya sungura kapena manganje aliyense amva chala chilichonse. Sipika ndinaiunika ndi tochi ya pafoni, sinang'ambike. Ndinanunkhizanso kumbuyo kwake, fungo lopserera palibe.

A Phiri okonza mawayilesi aja akuti zonsezi n'zazing'ono. Kung'ung'udzako akuti kawirikawiri amakhala makapasita akuluakulu auma ndi ukalamba, kulira kwa voliyumu ndi fumbi chabe lofuna mankhwala opopera, jaki ndi yongowotcherera. Andichenjezanso kuti ndisatsegule ndekha chifukwa makapasita amasunga moto ngakhale utazula pulagi. Zimenezo sindikuziopa.

Chimene chandiimitsa mutu ndi ichi. Pansi pa tebulo panali kabokosi kolemera, kachitsulo, ndipo ampu inalumikizidwa kumeneko osati kukhoma. Nditawerama kuwerenga kumbuyo ndinapeza palembedwa 120V. Ndi ya ku America, Mada. Magetsi athu ndi a 230V. Kabokosiko ndi thiransifoma yotsitsa mphamvu, ndipo mwiniwake akuti sakugulitsa, amagwiritsira ntchito zina.

Ina ndingagule, zimenezo n'zotheka. Koma taganiza za kutchalitchi kwathu. Ndani amalumikiza zida Lamlungu m'mawa? Si Yamikani ndi anzake, amene pulagi ikakana kulowa amangoidula n'kusomeka mawaya ndi timitengo? Tsiku limodzi lokha ndichedwe ndi minibasi, aiika kukhoma. Ikachita mwayi yapsa fyuzi yokha, ikapanda mwayi utsi fuu, ndalama zonse zathera pomwepo. Ndiye ndizigona nayo, ndiziyenda nayo, ndisadwale, ndisapite kumaliro? Ukwati wa Tadala ukubwerawu tikaimbira pa jenereta yobwereka, magetsi ake okwera ndi kutsika. Usiku wathawu ndimangoona utsi umenewo m'maso. Ndafika polingalira zokhomerera kabokosiko ku ampu ndi misomali kuti zisamasiyane, n'kulemba ndi penti yofiira kuti OSAYIKA KUKHOMA. Nanga Yamikani amawerenga zolembedwa pa zida?

Amayi a Chisomo sakufuna kumva n'komwe. Akuti ndalama imeneyo ndi ya feteleza, ndipo sakunama. Komanso ine ndatopa kulowetsa gitala mu mikisa ya kwaya, mawu anga kumamira pansi pa kiyibodi. Chichokereni iwe palibe amene amatembenuka ndikamenya bwino. Ndimayang'ana kumanzere kumene unkaima ndi besi, n'kupeza mpando wapulasitiki.

Ndiye tandichitira izi. Ukapita m'tauni tafunsa m'masitolo a zida zoimbira ngati thiransifoma ya m'kati ya 230V ya ampu imeneyi imapezeka, ndi mtengo wake. Kumeneko magetsi ndi ofanana ndi athu, mwina wina ali ndi yakufa yoti tichotsemo. Ikapezeka, a Phiri akuti angaisinthe, nkhawa yonse n'kutha. Makapasita awiri ndi kachitini ka mankhwala opopera sizilemera, ungapatsire aliyense wokwera basi yodzera ku Mwanza, ine ndikamudikira ku Wenela. Koma usachite zako zija zoyankha patatha mwezi, mkuluyo akuti Loweruka kukubwera wina wa ku Bangwe ndi ndalama m'manja. Kaya akunena zoona kaya akungondithamangitsa.

Magetsi azima, foni nayo yatsala pang'ono kuzima. Upereke moni kwa alamu. Za Gift ndi ngongole ija ndimafuna ndikuuze kuti dzana anabwera kunyumba, koma ine nditamufunsa