Tchuthi cha abambo ndinatenga kale, mkazi wanga sakudziwa

Agogo,

Ndikulemba 1 koloko usiku, mwana wangogona kumene. Mayi akunyumba achira Lachiwiri lapitali koma ndi opaleshoni. Sangawerame, sanganyamule ndowa, ngakhale kudzuka pabedi mpaka ndiwagwire mkono. Anamwino anati bala lisanyowe ndipo asagwire ntchito yolemetsa kwa milungu 6. Apongozi ali ku Ntcheu, miyendo yawo njotupa, sangabwere. Matewera ndikuchapa ndine m'bandakucha ndisanathamangire minibasi ya ku Kanengo.

Lamulo la zantchito ndikulidziwa bwino. Employment Act atayikonza mu 2021 inapatsa bambo tchuthi cha milungu iwiri mwana akabadwa, malipiro onse osadulidwa, koma kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Pamene pagona nkhani mpomwepo. Ine tchuthicho ndinatenga mu Ogasiti chaka chathachi. Mwana wake sindifotokoza zambiri, ndingoti si wa m'nyumba muno. Kunyumba ndinkanena kuti atituma ku Mzuzu. Ndinalakwa, inde, koma mwana ameneyo ndikanamutaya? Nayenso ndi magazi anga, ndipo nthawi imeneyo m'banja mwathu munali mosalankhulana.

Lachitatu ndinapereka fomu pamodzi ndi kalata ya kuchipatala. Mayi wa ku HR, ofesi yoona za ogwira ntchito, anatsegula fayilo yanga, n'kundifunsa mokweza pamaso pa anyamata awiri a kusitolo kuti, "Kodi inu mumabereka chaka ndi chaka?" Akanandiitanira pambali. Fomuyo anachita kundikankhira ndi bolopeni. Zaka 9 ndili pamenepo, sindinalandirepo kalata ya chenjezo, wina n'kumandiseka ngati mwana. Bwana wanga naye akuti mwamuna sayamwitsa.

Tchuthi cha pachaka, poti timagwira masiku 5 pa sabata, ndi masiku 15. Ndatsala ndi 4 okha, ena anapita ndi maliro a malume. Ndikangojomba andilembera kalata, kenako kundiitanira ku komiti ya mwambo, ndipo masikuwo adula pa malipiro pomwe lendi ikudikira pa 30.

Mkazi wanga anamva pa wailesi za milungu iwiriyi. Dzulo anandifunsa akulira kuti chifukwa chiyani amuna a anzake amakhala pakhomo. Ndinati kampani yakana. Tsopano akuti ndikadandaule ku ofesi ya Labour, apo ayi mchimwene wake apita yekha kukafunsa. Akangofika kumeneko zonse ziululika, iye bala lisanapole, mchombo wa mwana usanagwe n'komwe.

Ndithandizeni, Agogo. Zaka zitatuzi amawerenga kuyambira tsiku limene ndinayamba tchuthi chija, kapena tsiku limene mwana anabadwa? Lamulo likamati milungu iwiri ndiye yochepetsetsa, kodi bwana sangathe kuwonjezera mwachifundo dokotala atalemba kuti wodwala akufunika womusamalira? Ndipemphe tchuthi chosalipidwa kapena ndibwereke masiku a chaka chamawa? Nanga a HR ali ndi ufulu wouza achibale a mkazi wanga zomwe zili m'fayilo yanga? Ndimuuze panopa ali wodwala chonchi, kapena ndidikire atuluke m'chikuta ndiitane ankhoswe? Mawu a mayi wa ku HR uja akundiwawabe, sindikudziwa kuti Lolemba ndikalowa bwanji pa geti.

Ine bambo wothedwa nzeru,
Area 25, Lilongwe