Anthu sakukana intaneti, chikuwabweza ndi magetsi ndi mtengo

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa mawu amene akhala akumveka kawirikawiri pa wailesi ndi pa misonkhano ya akuluakulu, akuti anthu a m'dziko muno la Zambia amachedwa kulandira zipangizo zamakono ndipo chofunika kwambiri n'kuwaphunzitsa ubwino wa intaneti. Ine ndinagwira ntchito ya uphunzitsi zaka zambiri, ndipo nditapuma ndinatsegula kasitolo ku Mtendere, muno mu Lusaka, komwe timasindikiza mapepala, kuchita fotokope ndi kuthandiza anthu kulemba mafomu a pa intaneti. Zimene ndimaona anthu akamafika pakhomo panga sizigwirizana ndi mawu amenewo ngakhale pang'ono, n'chifukwa chake ndaona kuti ndisakhale chete.

Amene akukayika apite ku msika wa Soweto m'mamawa, nthawi imene magalimoto a tomato ndi kabichi akutsitsa katundu. Akapeza amayi amene sanafike ngakhale giredi 7 akuoda katundu pa foni, akulipira pa Airtel Money kapena MTN MoMo, kenako n'kuwerenga uthenga wotsimikizira mosamala kwambiri asanalole kuti dengu linyamulidwe. Timabuthi tofiira ndi tachikasu totumizirapo ndalama tandandalikana kuyambira mu Cairo Road mpaka m'tinjira ta ku Kanyama ndi ku Chawama. Chilimba cha amayi a kutchalitchi chikuyendera pa WhatsApp, uthenga wa maliro ukufika ku Katete thupi lisanachoke kuchipatala, ndipo mnyamata amene wapeza kagalimoto akudyetsa banja lake pa Yango, njira yoitanira takisi pa foni. Palibe amene anaitanira anthu amenewa ku hotela kuti akawaphunzitse. Anaona okha kuti chinthucho chili ndi phindu, anapempha mwana kapena mnansi kuti awasonyeze podina, basi n'kuyamba. Tisaiwalenso kuti dziko lino silinachedwe kulowa m'zimenezi, pakuti mu November 1994 Zambia inalumikizidwa pa intaneti kudzera ku kampani ya Zamnet, imene inabadwira pa University of Zambia, pa nthawi imene mayiko ambiri a mu Africa anali asanayambe n'komwe.

Chimene chimawabweza anthu ndinachiona ndi maso anga tsiku lina m'chilimwe cha 2024. Mayi wina anabwera ndi mwana wake wamkazi amene anakhoza bwino giredi 12, kuti titumize fomu yofunsira malo pa koleji ina ya unamwino, ndipo tsikulo linali lomaliza kulandira mafomu. Zikalata zonse anali atazikulunga m'pulasitiki n'kuziikanso m'chitenje kuopa fumbi. Magetsi anali atazima kuyambira usiku, koma poti ndili ndi kasola ndi batire, kompyuta inayaka, tinajambula zikalatazo ndipo tinalemba fomu yonse mpaka mzere womaliza. Titafika poti titumize, netiweki inangoti zii. Ndinachotsa simu n'kuikamo ya kampani ina, nayonso chimodzimodzi. Mtsikanayo anatuluka ndi foni yanga, akuikweza m'mwamba uku akuyenda pang'onopang'ono mpaka kumsewu, koma osaphula kanthu. Tinadikira maola atatu. Pomaliza mayi uja anamasula mfundo ya chitenje chake, anawerenga ndalama imene anasungira ndiwo za madzulo, ndipo anakwera minibasi kupita kutauni kukayesera kumeneko. Anadzera pakhomo panga dzuwa litalowa kudzandiuza kuti fomu yapita patangotsala ola limodzi, koma ana agonera nsima ya mchere. Ndani angaime pamaso pa mayi ameneyu n'kumuuza kuti sadziwa kufunika kwa intaneti?

Chimene chinachitika tsiku limenelo n'chosavuta kuchimvetsa, ngakhale kuti sichinenedwa mokwanira. Foni imadalira nsanja ya netiweki imene ili pafupi nayo, ndipo nsanjayo imadya magetsi usana ndi usiku. Magetsi akazima, kapena kuti malaiti akapita monga timanenera muno mu Lusaka, nsanja imatembenukira ku mabatire, amene amapirira maola ochepa chabe, kenako ku jenereta ya dizilo ngati ilipo. Kuzima kwa maola anayi kapena asanu ndi limodzi nsanja imakupirira, koma kukafika maola 17 kapena 20 patsiku mabatire sapeza mpata wodzaza, dizilo amatha galimoto yobweretsa wina isanafike, ndipo mbava nazo zimapezerapo mwayi mumdimamo n'kuba mabatire omwewo. Magetsi athu oposa magawo 80 pa 100 alionse amachokera ku madzi, makamaka ku Kariba ndi ku Kafue Gorge. Chilala chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February 2024 kuti ndi tsoka logwera dziko lonse chinaphwetsa madzi a ku Kariba, moti miyezi ina mabanja ambiri ankaona magetsi maola atatu okha patsiku. Chilalacho chinapsereza chimanga m'minda, ndipo chinazimitsanso mafoni m'makomboni. Ndiye ine ndikuti nkhani ya intaneti m'dziko muno ndi nkhani ya magetsi, ndipo amene amakonza mapulani a zinthu ziwirizi ayenera kukhala pamphasa imodzi. Dzuwa tili nalo lochuluka, makamaka m'miyezi yomweyo imene madzi amaphwa. Nsanja iliyonse yatsopano iyenera kumangidwa ndi sola yokwanira kuiyendetsa yokha, ndipo zakale zisinthidwe pang'onopang'ono, kuyambira m'madera mokhala anthu ambiri amene alibe kothawira netiweki ikagwa.

Ngati zili chonchi mu Lusaka, kumudzi ndiye kulibe chonena. Kwathu ndi ku Chadiza, kufupi ndi malire a Mozambique, ndipo mng'ono wanga amalima kumeneko mtedza ndi soya. Foni yake amaipachika pa msomali umene anakhoma pa mtengo wa mango kuseri kwa nkhokwe, chifukwa pakhomo ponsepo ndi pokhapo pamene imagwira. Masiku ena imakoka netiweki ya kutsidya, n'kulandira uthenga wa Chipwitikizi womulonjera m'dziko limene sanapondemo. Kulankhula timalankhula, koma ndikamutumizira chithunzi cha mitengo ya soya ya kuno kuti asagulitse motchipa kwa mavenda, chithunzicho chimatseguka akapita pa sitolo za kumsewu, komwenso amalipira kuti atchaje foniyo. Kalembera wa 2022 anapeza kuti tilipo anthu 19.6 miliyoni, ndipo pafupifupi 6 mwa anthu 10 alionse amakhala kumidzi. Ntchito yomanga nsanja zoposa 1,000 imene boma linayamba mu 2017 inathandiza ndithu, ndipo ndiyenera kuyamikira, pakuti midzi yambiri imene kale uthenga unkapita ndi kondakitala wa basi tsopano imaimbirana foni. Koma nsanja yongotha kunyamula mawu ndi mauthenga afupiafupi siingathandize mwana wasukulu kutsitsa buku, kapena namwino wa pa kachipatala ka kumudzi kutumiza chithunzi cha bala kwa dokotala ku Chipata.

Ndikudziwa kuti kufikitsa intaneti yothamanga kumadera amenewa si ntchito yamasewera. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere, motero zonse zimene timatumiza kapena kulandira kunja zimayenda pa zingwe za faiba kudutsa m'mayiko oyandikana nafe mpaka kukafika pamene zingwe za pansi pa nyanja zimatulukira, monga ku Dar es Salaam, ku Swakopmund m'dziko la Namibia kapena ku South Africa, ndipo aliyense wa panjirapo amafuna kulipidwa. M'kati mwa dziko, zingwe za makampani a Zamtel ndi Liquid ndi zimene kampani ya ZESCO inayala pa mizati yake ya magetsi zimatsata misewu ikuluikulu ndi matauni. Kampani yochita malonda imawerenga kuti pa kilomita iliyonse ya chingwe ipezapo makasitomala angati, ndipo powerengera motero mudzi wa kwathu sungapambane mpaka kalekale. N'chifukwa chake pali thumba la ndalama la Universal Access limene ZICTA, bungwe la boma loona za mafoni ndi intaneti, limayang'anira, loti lizifikitsa ntchitozi kumene malonda okha sangafike. Anthu wamba tili ndi ufulu wodziwa kuti thumba limeneli limalandira zingati pachaka ndiponso kuti lamanga chiyani m'boma lililonse.

Za mtengo ndingonenapo mwachidule, poti aliyense amene amagula bandulo akuzidziwa. Pa tokotaimu pali msonkho wa excise wa 17.5 peresenti, palinso VAT ya 16 peresenti, ndipo kuyambira mu January 2024 kutumizirana ndalama pa foni nakonso kuli ndi msonkho wake. Boma silingayende popanda misonkho, zimenezo n'zoona, koma n'kovuta kumvetsa kuti chinthu chimene tikuuza anthu kuti n'chofunika ngati msewu tizichikhometsa ngati chinthu chongosangalatsa. Chimandipweteka kwambiri ndi bandulo ya tsiku limodzi kapena ya sabata, imene ndi yomwe osauka amakwanitsa, chifukwa imatha nthawi yake ngakhale netiweki inali itagwa theka la nthawiyo. Zandichitikirapo kangapo, ndipo palibe amene anandibwezera ngakhale ngwee imodzi. Foni yamakono yotchipitsitsa nayo ndi mtengo wa matumba angapo a ufa, choncho kholo likasankha ufa lisatchedwe lotsalira.

MTN itakhazikitsa netiweki yothamanga kwambiri ya 5G mu November 2022, ndiponso Starlink, imene imakoka intaneti kuchokera m'mlengalenga pogwiritsa ntchito mbale ya dishi, itayamba kugwira ntchito muno mu October 2023, tinakondwera, ndipo kunali koyenera kutero. Komabe akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Netiweki ya 5G imapezeka m'zigawo zina za mizinda ndipo imafuna foni imene anthu ambiri alibe, pamene mbale ya Starlink ndi ndalama zolipira mwezi ndi mwezi n'zoposa mphamvu za banja la mlimi. Kumene ndikuona kuti mbale imeneyi ingachite zazikulu ndi pa sukulu kapena pa chipatala cha kumudzi, itaikidwa pamodzi ndi sola, anthu ozungulira n'kumaloledwa kulumikizapo mafoni awo madzulo. Ndinaphunzitsapo pa sukulu imene ana anayenera kulemba mayeso a kompyuta mosinthana pa makina owerengeka mpaka mdima kugwa, ndipo ena mwa iwo tsiku la mayesolo linali lachiwiri kukhudza kompyuta pa moyo wawo.

Kuchokera pamene unduna wa Technology and Science unakhazikitsidwa mu 2021, ntchito zambiri za boma zakhala zikusamukira pa intaneti kudzera ku nthambi ya boma ya Smart Zambia ndi tsamba la boma la ZamPortal. Ine ndikugwirizana nazo, chifukwa ndikukumbukira mizere ija ya tsiku lonse ndi mafailo osowa pa maofesi. Pempho langa n'lakuti khomo lakale lisatsekedwe latsopano lisanafikire aliyense. Sukulu, koleji kapena ofesi imene imalandira mafomu pa intaneti izisiya zenera limodzi lolandirira mapepala, makamaka masiku omaliza. Masamba a boma azitseguka ngakhale munthu alibe bandulo, akhale opepuka kuti foni yotchipa iwakwanitse, ndipo alembedwenso m'zilankhulo zisanu ndi ziwiri zija zimene timamva pa wailesi ya ZNBC, osati m'Chingerezi chokha. Zimene zingatheke pa manambala aja oyamba ndi nyenyezi, amene amagwira ngakhale pa kafoni ka mabatani, zichitidwe motero, pakuti ndi njira imeneyo imene inachititsa kuti kutumiza ndalama pa foni kufike kwa agogo akumudzi.

Kwa inu a Mkonzi ndili ndi pempho lapadera. Tumani mtolankhani wanu mmodzi akwere basi yolowera ku Chipata pa siteshoni ya Intercity, atanyamula foni wamba ndi masimu a makampani onse. Azilemba pamene intaneti ikugwira ndi pamene ikuthera, akadutsa Chongwe, ku Rufunsa, m'mapiri otsikira ku mlatho wa Luangwa, ku Nyimba ndi ku Petauke, kenako akapatuke pamsewu waukulu n'kulowa makilomita makumi awiri m'midzi ya ku Chadiza kapena ku Vubwi. Zimene akapeze muzisindikize pambali pa ziwerengero zimene ZICTA ndi makampani amalengeza, kuti owerenga adzayerekeze okha.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito,
Mtendere, Lusaka