Za nsabwe ndi mbozi m'dimba

Achimwene,

Ndakondwa kumva kuti kuseri kwa nyumba kwanuko ku Johannesburg mwadzala mpiru ndi matimati. Kuno ku Zomba tili bwino, kungoti kwayamba kutentha, ndipo m'madimba a m'mbali mwa Likangala anthu ali kalikiliki kuthirira. Mwandifunsa za zomwe zikupota masamba a mbewu zanuzo, ine ndikuona kuti ndi nsabwe za zomera. Tembenuzani tsamba limodzi, muzipeza zitaunjikana kunsi kwake, zina zobiriwira, zina zotuwa.

Musathamangire kusitolo. Sinjani tsabola wowawa wodzaza dzanja, ngakhale asakhale kambuzi wathu, pamodzi ndi mutu umodzi wa adyo. Viikani m'madzi usiku wonse, m'mawa musefe ndi kansalu, kenaka musungunulemo kachidutswa ka sopo wochapira. Sopoyo musamuiwale, chifukwa ndi amene amachititsa madziwo kukakamira patsamba, komanso nsabwe zili ndi matupi ofewa, sizimupirira. Koma asachuluke, angawaule masamba. Thirani madzulo dzuwa litapepa, makamaka kunsi kwa masamba kumene zimabisala, ndipo muzibwereza sabata iliyonse. Ambiri amene amati njirazi sizigwira amakhala atathira kamodzi kokha, pomwenso mbewu zitatha kale.

Ine chimene ndimakhulupirira kwambiri ndi kuyendera dimba m'mamawa. Mbozi ukaiona ikadali yaing'ono umangoitola ndi manja, mazira ake n'kuwaphwanya ndi chala. Tinaphunzira zimenezi ndi ntchemberezandonda zija zinavuta m'chimanga mu 2017, mpaka boma linalengeza kuti maboma ambiri ali pa ngozi. Mankhwala ogula sankakwanira aliyense, ndiye anthu anayamba kuthira mchenga, dothi kapena phulusa pamtima pa chimanga pomwe mboziyo imakhala. Ena amaphika usipa kapena matemba a ku Chilwa, msuzi wake n'kuwaza m'chimangamo, mwina ataikamo kashuga. Msuziwo supha mbozi ayi, umaitana nyerere, ndipo nyererezo ndi zimene zimakoka mbozi. Njira imeneyi imandisangalatsa chifukwa imasonyeza kuti si kachilombo kalikonse m'munda kamene kali mdani. Mavu, akangaude, abuluzi ndi achule amatigwirira ntchito, ndipo tikapopera mankhwala amphamvu mwachisawawa timawaphera limodzi.

Chaka chino ndadzala ombwe m'malire mwa munda. Masamba ake ndimawasinja, kuwaviika usiku umodzi, n'kusefa monga ndanenera za tsabola. Pa nyemba ndi kabichi amathandiza zedi, ndipo mtengowo umabwezeranso chonde m'nthaka. Koma ndimachenjeza aliyense wodzapempha masamba: ombwe amapha nsomba. Chidebe chake osakatsukira mumtsinje, pajatu madzi a Likangala amakathera m'nyanja ya Chilwa momwe anthu ambiri amapezamo ndiwo. Madzi a fodya nawonso ena amawatama, koma ine pa ndiwo zamasamba sindilola, ndi poizoni weniweni. Kukhala chochokera kutchire sikutanthauza kuti n'chosavulaza, choncho ngakhale tsabola yemweyo samalani maso, ndipo ndiwo muzitsuka bwino musanaphike.

Nimu ndikanakuuzani, koma mtengo umenewu umakonda kotentha monga ku Chikwawa ndi Nsanje, ndipo chisanu cha kwanuko sungachipirire. Chomwe mungachite n'kudzala anyezi pakati pa mizere ya mpiru, ndiponso osabwereza matimati pamalo amodzimodzi chaka ndi chaka. Kukamatentha chonchi muyang'anenso kangaude wofiira pa matimatiwo. Ndi kakang'ono kwambiri, kamadziwika ndi masamba achikasu ndi kaukonde kunsi kwake, ndipo masamba ogwidwa kwambiri ndi bwino kuwathothola n'kuwatentha.

Mundijambulire tsamba limodzi mbali yakunsi munditumizire pa WhatsApp, ndione ngati zilidi nsabwe. Mupereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu wa ku Chinamwali.