TV yakale ija musataye, ikungofuna dikoda ndi eriyo

Akonzi,

Ndipatseniko malo ndinenepo za nkhani iyi yosamutsa kaulutsidwe ka TV kuchoka pa njira yakale ya analogi kupita pa dijito, chifukwa anthu akudyeredwa ndalama m'matauni muno. Ogulitsa ena akumauza makasitomala kuti TV ya chimsana ija yatha ntchito, ati boma laithimitsa, ndiye gulani plasma basi, munthu mpaka kukatenga katapila kapena kukongola ku banki mkhonde chifukwa choopa kuti ana asowa choonera. Limenelo ndi bodza. Chikusintha ndi njira yomwe siginolo ikufikira panyumba, TV yo ilibe mlandu.

Nkhaniyitu siinayambire kuno kwathu. Mayiko anagwirizana ku Geneva mu 2006 pansi pa ITU, bungwe la United Nations loona za mafoni ndi mawailesi, kuti pofika pa 17 June 2015 masiteshoni a TV a mu Africa ndi ku Ulaya akhale atachoka pa analogi, ndipo a SADC anasankha njira yotchedwa DVB-T2. Chifukwa chake nchakuti pa analogi chanelo imodzi imadya malo aakulu mumlengalengamu pomwe pa dijito malo omwewo akukwana machanelo ambirimbiri, otsalawo nkuwapatsa a mafoni kuti intaneti iziyenda bwino. Kuno kwathu ntchito yofalitsa siginolo inapatsidwa kwa a Malawi Digital Broadcast Network Limited (MDBNL), eni ake a madikoda a Kiliye Kiliye aja. Ife tinakula ndi TVM yokha yomwe inayamba 1999 timadziwa kusiyana kwake, pano pali MBC, Times, Zodiak, Mibawa, Luntha ndi ena, kungodina rimoti.

Ndiye pakhomo pakufunika chani? Ngati TV yanu kumbuyo kuli mabowo atatu aja, lachikasu, loyera ndi lofiira, mwathana nazo kale, gulani dikoda ya DVB-T2, waya wachikasu ndi wa zithunzi enawo ndi a mawu, mwalumikiza mwatha. Ya plasma mulumikiza dikodayo ndi waya wa HDMI. Koma chomwe ambiri sakudziwa nchakuti kupyapyala kwa TV sikutanthauza kuti ndi ya dijito ayi. Ma TV ambiri a kaunjika komanso ena omwe abale athu amabweretsa kuchokera ku Joni alibe chogwirira siginolo ya DVB-T2 mkati, ochokera ku Japan ndi ku America ndiye amayendera njira zina zosiyaniranatu ndi zathu. Munthu wataya ya chimsana yomwe inali bwinobwino, wagula yopyapyala ya ndalama zambiri, kufika kunyumba ikumufunabe dikoda yomweyo. Musanapereke ndalama yang'anani pa katoni kapena kumbuyo kwa TV ngati palembedwa DVB-T2, ndi T2 yo, osati DVB-T yokha. Wogulitsa akamati "ikugwira iyi bwana" muuzeni ailumikize ku eriyo pompo muone nokha.

Koma pomwe anthu akugwera kwambiri mpa eriyo. Kale pa analogi siginolo ikafooka timaonerabe mpira uku chithunzi chili mpunga okhaokha, mawu akumveka, mwana ali padenga kutembenuza nsungwi ife kukuwa kuti "pomwepo pomwepo, wadutsitsa!" Dijito ilibe zimenezo, ikagwira imagwira mbee, ikafooka chithunzi chimaduka timabokosi, kuima, kenako No Signal, ndiye munthu amangoti dikoda ndi ya feki nkukabweza ku shopu pomwe vuto lili padenga. Eriyo yake ikhale ya UHF ya panja, ikwere pamwamba podutsa malata, iloze komwe kuli transimita ya dera lanu (onani komwe aneba omwe ikuwagwirira alozetsa, sizochititsa manyazi). Kahang'ala kaja kapena tinyanga tiwiri ta pamwamba pa TV tingagwire ngati muli pafupi zedi, koma ife a kuseri kwa mapiri kuno ku Blantyre tisadzinamize. Ndipo waya, abale, waya. Musalumikize zidutswa zitatu nkumanga ndi pepala la shuga, mvula ikalowa mmenemo siginolo yapita. Gulani waya mmodzi wautali wokwanira, ndipo potembenuza eriyo tsegulani pa menu pomwe pamaonetsa Strength ndi Quality, muziyang'ana Quality yo chifukwa ndi yomwe ikunena zoona. Mukamaliza pangani Auto Scan, ndipo muzibwereza nthawi ndi nthawi poti machanelo amasuntha, ena atsopano amalowa.

Kwinaku ndi magetsi. Kadikoda sikadya magetsi ambiri, ena mwa iwo amayendera 12 volts moti a sola ndi batire kumudzi asade nkhawa kwambiri, koma sikapirira magetsi akabwera mwamphamvu atazima. Kagadi koteteza kaja nkotchipa kuposa dikoda yatsopano. Nyengo ya mvula ziphaliwali zikayamba zulani waya wa eriyo, osangothimitsa pa rimoti.

China, dikoda imodzi imaonetsa chanelo imodzi nthawi imodzi, ndiye ngati muli ndi TV pabalaza ina kuchipinda ndipo bambo akufuna nkhani pomwe ana akufuna makatuni, zikufunika ziwiri, bajeti yake ikhale yotero. Komanso funsani musanagule kuti machanelo aulere ndi ati, olipira pamwezi ndi ati, mwezi ukatha osalipira chitsale nchani. Dikoda ya GOtv, ya Kiliye Kiliye ndi za dishi monga DStv kapena Azam sizofanana, ndipo amene ali kale pa dishi kuthimitsa kwa analogi sikukuwakhudza, asawagulitse china chilichonse.

Pempho langa kwa a MACRA, omwe amayang'anira za mawailesi ndi mafoni, ndi a MDBNL ndi lakuti mauthengawa azibwera m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi zilankhulo zina pa wailesi za m'madera, osati Chingerezi cha mu ma workshop chomwe agogo ku Thyolo sangatolepo kanthu. Atiuze boma ndi boma kuti transimita ili pati, madera omwe siginolo siinafike ndi ati kuti anthu asagule dikoda yokakhala mu kabati, komanso dikoda ikaonongeka tikakonzetse kuti.

Wokhudzidwa,
Chilomoni, Blantyre