Ana athu akuphunzira draw ya pa foni, ya pa bolodi sakuidziwa

Akonzi,

Ndipatseniko kampata ndiyankhulepo za chess. Masiku ano achinyamata ambiri kuno ku Blantyre akusewera pa foni, mu minibasi popita ku Limbe, pa bureki kusukulu, ena mpaka pakati pa usiku, ndipo ine zimandisangalatsa kwambiri chifukwa kale kupeza osewera naye inali ntchito. Koma nkhani ya draw ikundidetsa nkhawa, ana ambiri akutenga zimene foni imachita ngati ndiye lamulo, chonsecho ma app omwewo sagwirizana okhaokha.

Tiyambe ndi kubwereza katatu. Lamulo la FIDE, bungwe loyendetsa chess padziko lonse, limayang'ana mmene bolodi yakhalira osati ma move amene mwabwereza, nde kuti zonse zikhale pamalo omwewo katatu, oyenera kusuntha akhale yemweyo, komanso mwayi wa castling ndi en passant, ma move awiri apadera a mu chess, ukhale chimodzimodzi. Sizifunikanso kuti zitsatizane ayi, zikhoza kuoneka pa move 20, kenako 26, kenako 40, zimawerengedwa ndithu. Pa Chess.com zikangokwana katatu kompyuta imadula gemu yokha osafunsa aliyense. Pa Lichess umayenera kuipempha wekha draw yo, kapena ulowe mu settings usankhe kuti izikupemphera nthawi zonse olo pokhapo nthawi yako yatsika pansi pa masekondi 30. Nanga pa bolodi yeniyeni? Palibe okupemphera. Umalemba move yakoyo pa pepala osaisewera, kuimitsa wotchi, kuitana arbiter, amene ali ngati refu wa chess, nkumuuza kuti ndikasewera iyi zikwana katatu. Ukangogwira chidutswa kaye mwayi wapita pa move imeneyo, ndipo ukapempha molakwa mu gemu yaitali mnzako amamuonjezera mphindi 2. Mwana amene wakulira pa foni amangokhala duu kudikira kuti gemu ithe yokha, wotchi ikudya, mapeto ake kuluza gemu yoti anali ataipulumutsa kale.

Lamulo la ma move 50 nalonso ndi lopempha, aliyense asewere 50 popanda kudyana komanso popanda kusuntha pawn, tizidutswa tating'ono ta mzere wakutsogolo tija. Mu 2014 ndi pamene FIDE inaonjezera kuti zikafika ma move 75 kapena kubwereza kasanu arbiter azidula yekha olo wina asapemphe. Stalemate ija ilibe mkangano, mfumu siili pa check, kutanthauza kuti siikuopsezedwa, koma ulibe move iliyonse yololedwa, gemu yathera pompo ngati draw kulikonse.

Pamene pamavuta zedi ndi nthawi ikakuthera, ndipo ife kuno zimatikhudza kuposa anzathu akunja chifukwa netiweki imathawa, magetsi amazima foni ili pa 3 peresenti, bandulo imatha gemu ili mkati. Tiyerekeze iwe watsala ndi mfumu ndi pawn imodzi, mnzako ali ndi mfumu ndi hatchi basi, nthawi yako nkutha. Pa Chess.com imeneyo ndi draw, amati hatchi yokha siikwanira kupanga mate, kutanthauza kuika mfumu yako pa check yosathawika. Pa Lichess waluza, ndipo pa mpikisano wa malamulo a FIDE waluzanso, chifukwa funso lawo silakuti mnzakoyo angakukakamize mate, funso ndi lakuti kodi mate ndiyotheka olo utasewera zopusa bwanji. Ndipo ndiyotheka, mfumu yako ikadzipanikiza pakona pawn yako yomwe itaitsekera njira, hatchi imamaliza. Ndi zachilendo kumva koma pawn yako yomweyo ndi imene yakuluzitsa, ukanakhala ndi mfumu yokha gemu ikanatha kale ngati draw. Ine ndimaona kuti la FIDE ndi limene ana ayenera kuliika m'mutu, poti ndi limene akakumane nalo tsiku loimira sukulu yawo kapena dziko lino, za Chess.com azingodziwa kuti ndi za pamenepo.

Kenanso ndi khalidwe popempha draw. Pa intaneti ena amangodina batani kambirimbiri akaona kuti zinthu zavuta, ena amadikira mnzawo adine mwangozi, umenewo ndi mwano ndipo pa bolodi arbiter akhoza kukulanga chifukwa chosokoneza mnzako. Njira yake ndi yoti usewere move yako, unene kuti draw, kenako udine wotchi, akakana pitiriza kusewera osamuvutitsanso.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi amene akuyendetsa makalabu a chess m'masukulu, ku Ndirande, Zingwangwa, Chilomoni, Bangwe ndi konseko, komanso kwa akuluakulu a CHESSAM, bungwe loyendetsa chess kuno ku Malawi. Mpikisano wa ana usanayambe arbiter atengeko mphindi zochepa, aike bolodi kutsogolo, aonetse kapemphedwe ka draw kuyambira polemba move mpaka poimitsa wotchi, ndipo mwana mmodzi kapena awiri ayeseze pamaso pa anzawo. Malamulo amenewa atalembedwanso mu Chichewa pa pepala limodzi nkumamatidwa pakhomo la holo zingathandize ngakhale makolo amene amabwera kudzaonerera, chifukwa nawonso amadabwa mwana wawo akaluza kwa munthu otsala ndi hatchi yokha.

Okonda chess,
Ndirande, Blantyre